Tisanadzudzule dalaivala, tifunse amene wamutuma

Ngozi ya pamsewu ikachitika m'dziko muno, nkhani yake pawailesi imakhala ndi mathero omwe tonse tidawaloweza kale. Mneneri wa apolisi amatchula malo, nthawi ndi chiwerengero cha omwalira, kenako n'kunena kuti dalaivala amathamanga kwambiri ndipo adalephera kuwongolera galimoto. Pomaliza amalangiza madalaivala onse kuti azitsatira malamulo a pamsewu. Ife omvera timapukusa mitu n'kumati madalaivala a masiku ano ndi osasamala, nkhani n'kuthera pomwepo. Sindikukana kuti madalaivala osasamala alipo. Alipo ndithu, ndipo magalimoto awo ndidakwerapo mtima uli m'mwamba. Koma m'chimangirizo chino ndikufuna kunena za munthu wina amene dzina lake silimveka pawailesi. Uyu ndi uja amakhala muofesi, amene amasankha galimoto yoti ipite, dalaivala woti aiyendetse, katundu woti inyamule ndi nthawi yoti ikafike. Maganizo anga ndi akuti munthu ameneyu asamaloledwe kukhala pampando umenewu popanda maphunziro a ntchitoyo, komanso popanda satifiketi yoti angathe kulandidwa akalakwa.

Nkhaniyi sindidaitole m'mabuku ayi. Malume anga adayendetsa mathiraki kwa zaka zambiri, moti misewu ya ku Beira ndi ku Dar es Salaam adaidziwa ngati njira ya kudimba. Tsiku lina, ine ndili Fomu 3, adauzidwa kuti anyamuke ku Lilongwe ndi katundu wopita ku Tanzania. Atayendera galimoto m'mamawa monga mwa chizolowezi chawo, adapeza kuti mabuleki a ngolo sakugwira bwino ndipo mpweya ukuthawa penapake. Adapita kuofesi kwa woyang'anira magalimoto, mnyamata yemwe adali mlamu wake wa mwini kampaniyo.

"Bwana, galimoto ija singatsike pa Chiweta momwe ililimu. Tiyambe taonetsa amakaniko."

"Madala, inu ndi dalaivala wakale, mukaisamala. Katunduyu wachedwa kale, eni ake akungoimba foni. Tidzakonza mukabwerako."

Malume ataumirira, mnyamatayo adaloza kugeti. "Ngati mwatopa nayo ntchito, siyani makiyi patebulopa. Anyamata ali panjapo ndi malayisensi awo."

Malume adali ndi ana asanu pasukulu, kuphatikizapo ine. Adatenga makiyi aja. Pa Chiweta, pomwe msewu wa M1 umatsika mokhotakhota kuchoka kumapiri a ku Rumphi kupita kunyanja, mabuleki adatentha n'kusiya kugwira. Chifukwa cha kuzolowera ntchito, adaikankhira galimotoyo kukhoma la phiri m'malo moisiya kuti ilowere kuphompho. Palibe adamwalira, koma mnyamata wowathandiza adathyoka mwendo ndipo amatsimphina mpaka lero. Lipoti lidati dalaivala adalephera kuwongolera galimoto. Malume adachotsedwa ntchito. Mlamu wa bwana uja adapitiriza kutuma magalimoto, ndipo palibe adamufunsapo kanthu, pakuti padalibe pepala lililonse losonyeza kuti adauzidwa za mabuleki aja.

Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti mnyamata uja adali woipa mtima basi. Lero ndikukhulupirira kuti vuto lake lalikulu lidali umbuli. Sadadziwe chomwe chimachitika mabuleki ena akafooka. Thiraki yodzaza ikamatsika phiri, mphamvu ya kulemera kwake imasanduka kutentha m'mabuleki. Mabuleki onse akamagwira, amagawana kutenthako. Ena akafa, otsalawo amasenza ntchito ya anzawo, amatentha msanga, ndipo akatentha kwambiri amaleka kugwira ngakhale dalaivala aponde chotani. Pamalo athyathyathya galimoto yoteroyo imaoneka yabwinobwino, n'chifukwa chake munthu wosaphunzira amati poti idayenda dzulo iyendanso lero. Mnyamata uja adapatsidwa mpando chifukwa cha chibale, ndipo chomwe ankadziwa ndi kuwerengera ndalama za mafuta ndi kusangalatsa makasitomala. Kumudzudzula yekha sikutithandiza. Funso ndi lakuti, n'chifukwa chiyani tidalola kuti pampando wotere pazikhala aliyense?

Taganizirani zomwe wapolisi amafunsa parodibuloko. Amafuna layisensi ya dalaivala ndi chilolezo chake choyendetsera galimoto yonyamula anthu kapena katundu. Amayang'ana COF, inshuwalansi ndi mapepala ena a galimotoyo. Pasikelo, monga pa Balaka, amayeza kulemera kwa katundu. Ndiye kuti dalaivala amayesedwa, galimoto imayesedwa, katundu naye amayezedwa. Koma pamapepala onsewa palibe limene limasonyeza kuti amene watuma galimotoyo adaphunzirapo ntchito yake. COF imangonena kuti galimoto idali bwino tsiku lomwe idayesedwa ku Road Traffic. Sinena kanthu za miyezi yotsatira. Amene ayenera kudziwa zochitika m'miyezi imeneyo ndi woyang'anira magalimoto, chonsecho ndiye yekhayo amene sitimuyesa.

Wina angafunse ngati nkhaniyi ndi yaikulu moti n'kufunika lamulo. Lipoti la bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO la m'chaka cha 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka za pakati pa 5 ndi 29. Lipotilo lidasonyezanso kuti poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa imfa zoterezi, pomwe magalimoto ake ndi ochepa. Bungwe la United Nations lidapatula zaka za 2021 mpaka 2030 kuti mayiko achepetse imfazi ndi theka. Kwathu kuno tilibe doko la panyanja ya mchere. Mafuta, feteleza ndi katundu wina wambiri amabwera pamsewu, ndipo mathiraki onyamula zinthuzi amadutsa pakati pa misika ya m'mphepete mwa M1 monga Lizulu ndi Jenda, pomwe amayi amayala tomato ndi kabichi pafupi ndi phula. Anthu a pa Kampepuza ku Ntcheu adaziona okha m'chaka cha 2019, pomwe thiraki idalowa mumsika n'kupha anthu ambiri nthawi imodzi.

Chitsanzo china chomwe chidatikhudza ndi ngozi ya pa 12 October 2025 ku South Africa. Basi yochokera ku Gqeberha, yonyamula anthu a ku Malawi ndi Zimbabwe omwe ankabwerera kwawo, idagwera kuphompho pamsewu wa N1 pafupi ndi Louis Trichardt m'chigawo cha Limpopo, ndipo anthu oposa 40 adamwalira. Lipoti loyamba la bungwe la Road Traffic Management Corporation lidati dalaivala amathamanga kuposa momwe malo otsetserekawo amafunira. Koma lidatinso mwa mabuleki 10 a basiyo ndi ngolo yake, 5 okha ndiwo ankagwira, ndipo basi ya anthu 62 idanyamula anthu 91. Liwiro ndi mlandu wa dalaivala, sindikutsutsa. Nanga mabuleki asanu aja adafa onse usiku umodzi? Nanga matikiti a anthu oonjezerawo adagulitsa ndani? Zinthu ziwirizi zidachitika basi isanalize injini, ndipo zidachitikira pamaso pa munthu wina amene akadatha kunena kuti ayi.

Apa ndi bwino kufotokoza ntchito yomwe ndikunenayi, chifukwa ambiri amaiona ngati ukalaliki chabe. Poyamba, woyang'anira magalimoto amaonetsetsa kuti galimoto iliyonse ikulowa m'galaja pa nthawi yoikika, osadikira kuti iwonongeke, ndipo amasunga umboni wa zomwe zakonzedwa. Chachiwiri, amalandira madandaulo a madalaivala molemba ndi kuletsa galimoto yolakwika kutuluka pageti. Chachitatu, amafufuza ngati malayisensi a madalaivala ali enieni komanso oyenera mtundu wa galimotoyo. Chachinayi, amaona kulemera ndi kamangidwe ka katundu. Katundu wopitirira muyeso amatalikitsa mtunda womwe galimoto imaimira, amaphulitsa matayala, komanso amaononga msewu mwa njira yodabwitsa: akatswiri a misewu adapeza kuti kulemera kwa pa ekiselo imodzi kukawirikiza kawiri, kuonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. Chachisanu, amakonza maulendo kuti dalaivala apeze nthawi yogona.

Mfundo yomalizayi njofunika kuimapo pang'ono. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse. Dalaivala akangosinza kwa masekondi atatu, galimoto yayenda mamita oposa 60 yopanda woiwongolera. Tulo sachita kumenyana nato. Munthu angatafune chingamu, angatsegule windo, koma likafika lafika. Tsono amene amasankha ngati dalaivala agone kapena ayi kawirikawiri si dalaivalayo. Munthu wangofika kumene kuchokera ku Beira, ulendo wa makilomita pafupifupi 800 kukafika ku Blantyre, kenako n'kuuzidwa kuti atembenuke m'mawa mwake. Dalaivala wa minibasi amapatsidwa tageti ya ndalama zoti akapereke madzulo, ndipo kuti aikwanitse amathamanga ndi kupanikiza anthu anayi pampando wa atatu. Dalaivala amene amalipidwa pa ulendo uliwonse amadziwa kuti kugona n'kutaya ndalama. Liwiro lomwe apolisi amalemba m'lipoti nthawi zambiri limakhala litalembedwa kale muofesi, pa tsiku lomwe adagwirizana za malipiro ndi nthawi yofikira.

Mayiko ena adaiona kale nkhani imeneyi. Ku Britain, kampani yonyamula katundu wa anthu ena pamagalimoto olemera kuposa matani 3.5, kapena yoyendetsa mabasi, imayenera kukhala ndi chiphaso cha bizinesiyo. Kuti ipeze chiphasocho, imatchula dzina la woyang'anira magalimoto amene adakhoza mayeso n'kulandira satifiketi yotchedwa Certificate of Professional Competence, mwachidule CPC. Mayesowo ali ndi gawo la mafunso osankha yankho ndi gawo lina lomwe wolemba amapatsidwa nkhani ya kampani yongoyerekeza kuti athetse mavuto ake, monga kukonza ndandanda ya maulendo osaphwanya malamulo a nthawi yopuma. Malamulowo amati dalaivala asayendetse kupitirira maola 9 pa tsiku, kupatula masiku awiri pa sabata pomwe angafike maola 10, ndipo akayendetsa maola anayi ndi theka apume mphindi 45. Galimoto imakhala ndi kachipangizo kolemba nthawi ndi liwiro, ndipo woyang'anira amayenera kuwerenga zomwe kalemba. Mayiko a European Union ali ndi dongosolo lofanana ndi limeneli kudzera m'lamulo lawo nambala 1071 la m'chaka cha 2009.

Chomwe chimapatsa mphamvu satifiketi imeneyi si mayeso okha ayi. Ku Britain kuli akuluakulu otchedwa Traffic Commissioners omwe amaitanitsa mwini kampani pamodzi ndi woyang'anira wake pakapezeka zolakwika. Akaona kuti woyang'anirayo adalekerera, amamuletsa kugwira ntchitoyo kwa nthawi kapena mpaka kalekale, ndipo kampani yomwe yatsala yopanda woyang'anira wovomerezeka imatha kulandidwa chiphaso. Choncho woyang'anira ali ndi chake choti ataye, ndipo mwini kampani sangamuchotse mwachibwana n'kuikapo mlamu wake.

Sindikunena kuti lamuloli lidathetsa ngozi. Pa 9 February 2015, mumzinda wa Bath, thiraki yonyamula miyala idalephera kuima potsika phiri n'kupha anthu anayi, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka zinayi. Dalaivala wake adali mnyamata wa zaka 19 yemwe adali atangogwira ntchito masiku owerengeka pakampaniyo. Kafukufuku adapeza kuti mabuleki adali oonongeka kwambiri ndipo kampaniyo idalibe woyang'anira magalimoto pa nthawiyo. Khoti lidamasula dalaivala, koma mwini kampani ndi makaniko wake adapezeka olakwa pa mlandu wopha anthu. M'chaka cha 2017 mwini kampani adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 7 ndi theka, makaniko zaka 5 ndi miyezi itatu. Anthu anayi aja sadabwerere, madzi akatayika saoleka. Koma chifukwa lamulo lidanena momveka kuti udindo wa mabuleki uli pa yani, mlandu udafika pakhomo pomwe udayenera kufika.

Tiyerekeze ndi zomwe zidachitika pa Fields Hill ku Pinetown, pafupi ndi Durban, pa 5 September 2013. Thiraki idatsika phiri n'kuomba maminibasi ndi magalimoto ena pamphambano, anthu 24 n'kumwalira. Dalaivala wake, mnyamata wochokera ku Swaziland, dziko lomwe lero likutchedwa Eswatini, adavomera milandu yake, kuphatikizapo wokhala ndi mapepala achinyengo, ndipo m'chaka cha 2014 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka 8 ndi miyezi 10. Kulakwa adalakwadi. Koma munthu wa mapepala achinyengo salowa yekha m'thiraki ya eni ake. Alipo amene adamulandira ntchito n'kumupatsa makiyi, ndipo kufufuza mapepalawo idali ntchito yake.

Palinso njira ina yomwe makampani amatsata mwa kufuna kwawo. Ku South Africa komweko kuli dongosolo lotchedwa RTMS, lomwe kampani imalowa yokha n'kumayenderedwa pa nkhani za kulemera kwa katundu, kusamala magalimoto ndi umoyo wa madalaivala. Padziko lonse pali muyezo wa ISO 39001 womwe udatuluka m'chaka cha 2012. Ku America bungwe la NATMI limapereka masatifiketi monga ya Certified Director of Safety kwa anthu omwe agwira kale ntchitoyi kwa zaka zingapo n'kukhoza mayeso. Njira zimenezi nzabwino, koma zili ndi chilema chimodzi: amene amazitsata ndi makampani omwe ali kale osamala, makamaka aakulu omwe makasitomala awo amafuna umboni. Kampani ngati yomwe ankagwirako malume singalowe yokha m'dongosolo loti lizidzaiuza kuti iimitse galimoto. N'chifukwa chake ndikuti kwathu kuno pakufunika lamulo, osati pempho.

Ndipo lamulo lotere silingakhale lachilendo. Munthu wa ndalama akhoza kutsegula sitolo yogulitsa mankhwala, koma bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority limafuna kuti pakhale katswiri wa mankhwala wolembetsedwa amene aziyankha pa zonse zogulitsidwa. Namwino sagwira ntchito asanalembetsedwe ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Tidavomereza kale kuti pomwe pali moyo wa munthu, ndalama zokha sizipatsa munthu ufulu wochita momwe afunira. Basi ya anthu 60 yosiyana nazo pati? Pempho langa ndi lakuti aliyense woyendetsa bizinesi ya mabasi kapena mathiraki azitchula ku Directorate of Road Traffic and Safety Services dzina la munthu wa satifiketi amene aziyankha pa magalimotowo, ndipo pakachitika ngozi yaikulu apolisi azifika kuofesi ya munthuyo kukaona mabuku ake, monga momwe amafikira pamalo a ngozi kukayeza msewu.

Ndikudziwa kuti alipo otsutsa, ndipo zifukwa zawo si zopepuka. Choyamba n'chakuti eni magalimoto ambiri kuno ndi ang'onoang'ono. Munthu ali ndi minibasi ziwiri kapena lole imodzi yomwe adagula ndi ndalama za penshoni. Adzamulipira chiyani katswiri? Yankho lake lilipo m'malamulo a ku Ulaya omwe ndatchula aja. Mwini galimoto akhoza kuphunzira yekha n'kukhala woyang'anira wa bizinesi yake. Ngati safuna, akhoza kubwereka woyang'anira wapadera, yemwe amaloledwa kutumikira makampani osapitirira anayi okhala ndi magalimoto osapitirira 50 onse pamodzi. Kwathu kuno mabungwe a eni maminibasi ndi eni mathiraki akhoza kulemba anthu oterewa kuti azitumikira mamembala awo. Tingathenso kuyamba ndi mabasi a maulendo ataliatali ndi mathanka a mafuta, ena n'kumatsatira pang'onopang'ono. Kunena za mtengo, malipiro a munthu mmodzi sangafanane ndi mtengo wa thiraki yomwe yagona m'phompho.

Chifukwa chachiwiri ndicho chimandivutitsa maganizo kwambiri. Ena amati satifiketi idzangokhala pepala lina logula, ndipo tidzangoonjezera khomo lina la ziphuphu. Kunena zoona, tonse tidamvapo za magalimoto okhala ndi mapepala okwanira koma matayala ali osalala ngati dazi. Komabe sitidanenepo kuti tithetse malayisensi a madalaivala poti ena amawapeza mwachinyengo. Chofunika ndi kamangidwe ka dongosololo. Ophunzitsa asakhale omwewo olemba mayeso ndi kuchonga. Mayina a onse okhala ndi satifiketi akhale poyera, kuti aliyense athe kuona pa foni kuti woyang'anira basi yomwe wakwera ndani. Koposa zonse, satifiketi izilandidwa. Munthu amene adagula pepala n'kubwereketsa dzina lake ku kampani yomwe sapondako n'komwe adzaganiza kawiri akaona mnzake ali m'khoti chifukwa cha mabuleki a galimoto yomwe sadaionepo. Pepala lopanda chilango ndilo limagulidwa mosavuta. Pepala lobweretsa mlandu pamutu pa mwini wake silikhala ndi ogula ambiri.

Chifukwa chachitatu n'chakuti woyang'anira ndi wantchito ngati dalaivala yemwe, ndiye sangatsutse bwana amene amamulipira. Izi n'zoona malinga ndi momwe zinthu zilili lero. Koma bizinesi ikamadalira dzina la munthu wa satifiketi kuti iyende, mphamvu zimasinthako. Bwana akamuchotsa ayenera kudziwitsa boma ndi kupeza wina wa satifiketi, yemwenso adzaona mabuleki omwewo. Komanso dalaivala amapeza pothawira. Pakadakhala buku lomwe malume akadalembamo m'mawa uja kuti mabuleki a ngolo sakugwira, mlamu wa bwana n'kusayinira kuti waona, sindikukhulupirira kuti akadaloza kugeti mopepuka chonchija. Mawu a pakamwa amauluka ndi mphepo, koma siginecha imakhala.

Chifukwa chachinayi chikukhudza ife a zilankhulo. Anthu ambiri odziwa bwino magalimoto m'dziko muno, madalaivala akale ndi amakaniko, sadapite patali ndi sukulu. Tikangokopera mabuku ndi mayeso a ku Britain m'Chingerezi chake, tidzapereka masatifiketi kwa achinyamata odziwa galamala omwe sadagwirepo sipanala, n'kusiya kunja anthu omwe amamva vuto la injini ndi khutu. Pamenepo tidzakhala titabweza mlamu wa bwana uja pampando, kungomuonjezera pepala. Maganizo anga ndi akuti maphunzirowa aziperekedwanso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo gawo lina la mayeso lizichitikira pabwalo la magalimoto, munthu n'kuonetsa kuti akhoza kupeza cholakwika pa thiraki ndi kuwerenga buku la maulendo. Mafomu olembapo zolakwika za galimoto akhale m'chilankhulo chomwe dalaivala amaganizira. Mawu ambiri alipo kale m'magalaja ndi m'madepoti: mabuleki, giya, ekiselo, sipuling'i, ngolo. Chomwe chikusowa ndi kuwasonkhanitsa ndi kugwirizana za kalembedwe kake. Bungwe la Centre for Language Studies la ku Zomba, lomwe lidatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja m'chaka cha 2000, likhoza kutsogolera ntchito yotere, ndipo ophunzira ngati ife tikhoza kupita kukatola mawuwo kwa eni ake.

Za ophunzitsa sitingadandaule. TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1999, imadziwa kale kuyesa luso la anthu omwe adaphunzirira ntchito pamanja. Sukulu ya MUBAS ku Blantyre ili ndi akatswiri a zamainjini ndi misewu. Bungwe la Chartered Institute of Logistics and Transport, lomwe lidayambira ku London m'chaka cha 1919, lili ndi nthambi yake kuno. Awa atakhala pansi pamodzi ndi a Road Traffic, apolisi, eni magalimoto ndi madalaivala enieniwo, akhoza kukonza maphunziro a masabata ochepa okhudza malamulo a pamsewu a dziko lino ndi a mayiko omwe timadutsamo, kasamalidwe ka magalimoto, kutopa ndi mowa, kapakiridwe ka katundu, kasungidwe ka mabuku ndi kafufuzidwe ka ngozi. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo poti malamulo ndi magalimoto zimasintha, satifiketiyo izikhala ndi nthawi yothera, mwini wake n'kumabwerera m'kalasi pakapita zaka zingapo.

Pomaliza, ndibwereze kuti sindikuchotsa udindo pa dalaivala. Amene wagwira chiwongolero ndiye womaliza kusankha, ndipo woledzera kapena wopikisana ndi mnzake pamsewu alangidwe ndithu. Sindikunenanso kuti satifiketi idzakwirira maenje a m'misewu kapena kusuntha misika yomwe ili m'mphepete mwa phula. Chomwe ndikunena n'chakuti ngozi zambiri za mabasi ndi mathiraki zimayambira pageti la kampani, ndipo pagetipo sitidaikepo mlonda wodziwa ntchito yake. Malume adakalamba tsopano, amalima chimanga ndi mtedza kumudzi. Nditawafotokozera zomwe ndikulemba, adakhala chete kanthawi, kenako adati, "Mphwanga, ukalembe kuti ine ndidanena. Vuto ndi lakuti ndidanena kwa munthu wosadziwa chomwe ndinkanena." Ndalemba, malume. Otsala ndi aphungu athu ku Nyumba ya Malamulo, omwenso amayenda pa M1 yemweyu popita kwawo.